Magolovesi pamsika sateteza ku kachilombo ka Covid-19

Chiyambireni pamene Covid-19 inafika m'Malawi mu Epulo 2020, mphekesera yakuti kuvala magolovesi pagulu kumateteza munthu ku kachilombo sinatheretu. Zimenezi si zoona, chifukwa kachilomboka sikalowa kudzera pakhungu la m'manja, koma pamphuno, pakamwa ndi m'maso, makamaka wodwala akatsokomola pafupi nanu. Taganizirani mayi wogulitsa mbatatesi pamsika wa Lizulu ku Ntcheu, amene walandira ndalama, wagwira foni, kenako wapukuta thukuta kumaso ndi golovesi lomwelo limene wavala kuyambira m'mamawa. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti wovala magolovesi amadziona wotetezeka, n'kuiwala kusamba m'manja ndi sopo kwa masekondi 20. Achipatala amavaladi magolovesi, koma amawataya akangomaliza kuthandiza wodwala mmodzi, kenako amasamba m'manja.