Nyumba za chionetsero cha Chicago sizinadzisunge zokha

Ambiri amaganiza kuti nyumba zisanu za pa chionetsero cha dziko lonse chomwe chinachitikira ku Chicago, m'dziko la America, mu 1933, zomwe pano zili ku Beverly Shores, Indiana, zilipobe chifukwa anazimanga ndi zipangizo zosatha. Ayi ndithu. Mu 1935 Robert Bartlett, wamalonda ogulitsa malo ndi nyumba, anazisamutsa, zinayi pamabwato aakulu kudutsa nyanja ya Michigan, ndipo mphepo ndi chinyezi cha kunyanjako zinayamba kuzidya. Miyala yochita kupanga ya nyumba ya Wieboldt-Rostone, yomwe ankati sidzafuna kukonzedwa, inali itafumbutuka pofika m'ma 1950. Nyumba ina ya magalasi yotchedwa House of Tomorrow inkatentha kwambiri mkati, mpaka anaikamo mawindo otsegula. Chapulumutsa zinayi mwa nyumbazi n'chakuti bungwe loteteza nyumba zakale la Indiana Landmarks limazibwereketsa kwa zaka 30, wobwerekayo n'kuikonza ndi ndalama zake.