Mmene maloboti amauzira galimoto kuti yobiriwira iyaka liti

Pambali pa mphambano iliyonse ya maloboti pamakhala bokosi lachitsulo lokhoma, limene ambiri timalidutsa osaliona n'komwe. M'kati mwake muli kakompyuta kamene kamalamula nyale zonse: yofiira iyake liti, yobiriwira ikhalitse bwanji, muvi wa okhotera kumanja ubwere nthawi yanji. Dalaivala woima pamzere pa Great East Road mu Lusaka madzulo amangoganizira, phazi lili pa klachi, koma kakompyutako nthawi zambiri kamadziwa kuti kwatsala masekondi angati. Funso ndi lakuti nambala imeneyo ingatuluke bwanji m'bokosimo n'kukafika pamaso pa dalaivala isanathe ntchito.

Njira ina ndi kumangirira wailesi pamtengo wa maloboti kuti izilankhula mwachindunji ndi magalimoto amene ali pafupi, pa mafunde a wailesi a 5.9 GHz. Ndi yachangu, koma imafuna chipangizo pamphambano iliyonse komanso m'galimoto iliyonse. Njira yachiwiri, yotchedwa ya cloud chifukwa imadzera pa intaneti, ndi yozungulira. Bokosi lija limatumiza zimene likuchita ku likulu loyang'anira maloboti, pa waya wa fiber kapena pa modemu ya SIM. Kuchoka kumeneko zimapita ku maseva, makompyuta a pa intaneti amene amasunga ndi kugawa mauthenga. Galimoto nayo imauza maseva pamene ili ndi kumene ikulowera, ndipo maseva amaibwezera za mphambano imene ili kutsogolo kwake yokha, pa netiweki yomweyi ya mafoni. Kampani yopanga magalimoto ya Audi inayamba kuchita zimenezi ku Las Vegas ku America mu December 2016, n'kuzifikitsa ku Ingolstadt ku Germany mu 2019.

Mauthenga ofunika alipo awiri, ndipo kalembedwe kake kali mu muyezo wa SAE J2735. Wa SPaT umanena nyale imene yayaka kwa gulu lililonse la magalimoto ndi nthawi imene isinthe. Wa MAP ndi chithunzi cha mphambano m'manambala: mizere ilipo ingati, mzere woimapo uli pati, ndi nyale iti imene imalamula mzere uti. SPaT popanda MAP ndi yachabe, chifukwa galimoto imamva kuti gulu lachiwiri lili pa yobiriwira koma osadziwa ngati gulu limenelo ndi lake. MAP ndi imenenso anthu amaiiwala. Msewu ukakulitsidwa, kapena akangopenta mzere watsopano wa okhota, wina ayenera kukayezanso ndi kukonza fayiloyo. Akapanda kutero, wokhotera kumanja amaonetsedwa nyale ya opita patsogolo.

Phindu lodziwiratu nthawi ya yobiriwira lioneni pa masamu awa. Muli pa mamita 300 kuchokera pamaloboti, ndipo yobiriwira iyaka pakatha masekondi 25. Mukathamanga makilomita 60 pa ola, mufika m'masekondi 18, mumange buleki, mudikire masekondi 7, kenako muyambirenso giya yoyamba. Mukatsika kufika pa 43 pa ola, mufika nyale ikungosintha kumene, osaima. Mafuta ambiri amapita pa kunyamuka komweko, makamaka kwa minibasi yodzaza kapena lole yonyamula simenti.

Chovuta chili pa kulosera. Maloboti a nthawi yokhazikika savuta, poti amangozungulira ndondomeko imodzimodzi. Koma ena amamva magalimoto kudzera pa waya wokwiriridwa m'tara kapena pa kamera, ndipo amatalikitsa yobiriwira ngati magalimoto akubwerabe. Munthu wapansi akadina batani, ndondomeko imasinthanso. Pamenepa ngakhale bokosilo silidziwa sekondi yeniyeni, n'chifukwa chake SPaT ili ndi malo olembapo nthawi yofulumirapo kwambiri imene nyale ingasinthe, yochedwapo kwambiri, ndi imene ikuyembekezeka. Pulogalamu yabwino ikaona kuti nthawizi zatalikirana, imangokhala chete. Yoipa imaonetsa nambala, kenako nambalayo n'kudumpha kuchoka pa 5 kubwerera pa 20, dalaivala atachotsa kale phazi pa buleki.

Kenako pali kuchedwa kwa uthenga. Pa makilomita 60 pa ola galimoto imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi. Uthenga ukachedwa masekondi awiri panjira, galimoto yapita mamita oposa 33, ndipo mwina yalowa kale pakati pa mphambano. Pofuna kuthana ndi zimenezi, SPaT sinena kuti "kwatsala masekondi 12". Imanena nthawi ya pa wotchi, kuwerengera kuchokera pamene ola layambira, sekondi iliyonse itagawidwa pakhumi, ndipo galimoto imadziwerengera yokha. Izi zimagwira ntchito pokhapokha mawotchi onse akugwirizana. Wotchi ya m'bokosi ikatsalira masekondi atatu chifukwa palibe choilunzanitsa ndi GPS kapena seva ya nthawi, zonse zimaoneka zili bwino koma nambala iliyonse ndi yabodza. Pa chifukwa chimenechi, njira ya cloud ndi yolangizira liwiro basi. Si yoti galimoto izimangira buleki yokha.

Mu Lusaka muli zina zimene seva yakutali singazione. Magetsi akathima, monga zinkachitikira maola ambiri mu 2024 madzi atatsika ku Kariba, bokosi limazima pamodzi ndi modemu yake. Seva iyenera kukhala ndi lamulo loti ikapanda kumva kanthu kwa masekondi ochepa, ichotse mphambanoyo pa sikirini, osati kupitiriza kuwerenga pogwiritsa ntchito ndondomeko ya dzulo. Choopsa kwambiri ndi pamene wapolisi wapamsewu waima pakati n'kumayendetsa magalimoto ndi manja, maloboti akuyakabe. Bokosi likuti yobiriwira, wapolisi watukula dzanja kuti imani. Womvera ndi wapolisi, ndipo payenera kukhala batani kapena foni yoti likulu lidziwitsidwe kuti mphambanoyo ili m'manja mwa munthu.

Magalimoto ambiri muno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, choncho ambiri angalandire uthengawu pa foni. Apo pali malire ena: GPS ya foni imaphonya ndi mamita angapo, pomwe mzere umodzi wa msewu ndi wotambalala mamita atatu ndi theka kapena kucheperapo. Foni idziwa kuti muli pa Cairo Road kulowera kumpoto, koma singatsimikize mzere umene mulimo.

Mzinda wofuna kuyamba usathamangire kugula pulogalamu. Usankhe msewu umodzi wa maloboti otsatizana, uike batire ndi sola pabokosi lililonse, ulunzanitse mawotchi, uyeze mphambano zonse. Kenako munthu akaime pamphambano ndi foni m'manja, m'mawa, masana ndi madzulo, kuyerekeza nambala ya pa sikirini ndi nyale yeniyeni, mpaka kusiyana kuchepere sekondi imodzi.