Mabakiteriya a m'mimba mwa udzudzu: kodi angathetse malungo?

Abale anga a ku Chibavi, Masasa, Zolozolo ndi konseko, mvula ikayamba udzudzu suchedwa, ndiye tamvani izi.

Udzudzu subadwa ndi malungo ayi. Umatenga tizilombo ukaluma munthu wodwala, tizilomboto timakhala kaye m'mimba mwake masiku 10 kapena kuposerapo tisanafike m'malovu ake, kenako ukaluma inuyo basi mwatenga. Apa mpomwe asayansi anaonapo mpata, poti m'mimbamo mumakhalanso mabakiteriya omwe sauvulaza udzudzuwo, ndiye anati bwanji tiwasinthe kuti azitulutsa zinthu zopha tizilombo ta malungo tisanakhwime. Ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anayesa ndi bakiteriya wotchedwa Serratia, zotsatira zinatuluka mu 2017, ndipo chodabwitsa nchoti amafalikira yekha, udzudzu wamphongo umapatsira wamkazi, wamkazi nkupatsira mazira ake. Udzudzu sufa, umalumabe (kulira kukhutu kuja nakonso sikutha, pepani) koma tizilombo tambiri timathera m'mimba momwemo.

Palinso bakiteriya wina wotchedwa Wolbachia, uyu sanamusinthe, ngwachilengedwe. Anayamba kumwaza udzudzu wokhala naye ku Cairns ku Australia mu 2011, ndipo ku Yogyakarta ku Indonesia odwala dengue (matenda ena otentha thupi ofala ndi udzudzu) anatsika ndi 77 pa 100 alionse. Koma uwo ndi udzudzu wina, Aedes woluma masana, osati Anopheles wa malungo yemwe amatisowetsa tulo usiku. Akufufuzanso bakiteriya wa Sodalis wa mu kashembe, nkhani yotikhudza ndithu chifukwa kaodzera, yemwe amafala ndi kashembeyo, ku Rumphi, kufupi ndi Vwaza, alipobe.

Tsono tinene zoona, mabakiteriya osinthidwawa akadali mu labu, kuno sanafike. Ineyo kuchedwako sindikukudandaula, chinthu chofalikira chokha ukachitulutsa sungachiitanenso kuti chibwerere, ayenera kutsimikiza kaye.

Pakadali pano neti ndi yogonamo usiku uliwonse, osati yotchingira dimba kapena nkhuku. Thupi likatentha pitani mukayezetse pasanathe maola 24, makamaka mwana, akakupatsani LA malizani masiku onse 3 ngakhale mwapeza bwino. Amayi oyembekezera musadumphe sikelo, SP, mankhwala oteteza ku malungo, amaperekera kumeneko. Ngati munali cha ku Vwaza, kashembe anakulumani ndipo thupi likungotenthabe koma malungo sakupezeka, auzeni adokotala kumene munayenda kuti akuyezeninso kaodzera.