Chotupa Anachotsa, Nanga Ululuwu Ukuchokera Kuti?

Uthenga uwu ndi wa anthu amene anachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa pa mtsempha waukulu wa mumsana, komanso wa magadiyani amene akuwasamalira pakhomo, kaya ndi ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Thondwe kapena ku Jali.

Opaleshoni yotereyi sichitikira pachipatala chilichonse. Munthu wa kuno ku Zomba kawirikawiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli madokotala a ubongo ndi mitsempha. Akatulutsidwa, abale amayembekezera kuti bala likangopola ndiye kuti zatha. Kenako miyezi iwiri yadutsa, bala lauma bwinobwino, koma munthu akudandaula kuti mapazi akuotcha ngati waponda makala. Mabanja ambiri amasokonezeka pamenepa. Ena amati adokotala anasiyamo kanthu, ena amati chotupa chaphukanso, ena amayamba kuloza chala anthu a m'mudzi. Zoona zake n'zakuti ululu wotsalira umachitika kwa anthu ambiri amene opaleshoni yawo inayenda bwino, ndipo uli ndi chithandizo chake chosiyana ndi cha bala wamba.

Zimene zinachitika mumsanamo

Msana ndi timafupa tosanjikizana: 7 pakhosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 m'chiuno, ndi ena olumikizana kumunsi. Pakati pa timafupati pali mphako, ndipo mumphakomo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, wonenepa pafupifupi ngati chala chaching'ono. Kuchokera pamenepo pamatuluka mitsempha 31 kumanja ndi 31 kumanzere, yopita kumikono, kumiyendo, kuchikhodzodzo ndi kumatumbo. Mphakoyi ndi yothina. Chotupa chaching'ono ngati mtedza chikamera mmenemo, mtsempha umasowa kothawira, umangopanikizika.

Mukachotsa mwala umene unakhala pa udzu kwa miyezi, udzuwo sudzuka tsiku lomwelo, ndipo wina sudzukanso. Mtsempha umene wapanikizidwa nthawi yayitali umatero. Komanso pochotsa chotupacho, dokotala sangapewe kukhudza mtsempha, makamaka ngati chinamera mkati mwake mwenimweni. Mtsempha wovulalawo umayamba kutumiza uthenga wabodza ku ubongo. Phazi lilibe chilonda, koma ubongo ukumva kuti lapsa. Wodwalayo sakunama ayi, ululuwo akuumvadi.

Funsani dzina la chotupa chimene anakuchotsani, ndipo alembe m'kabuku kanu ka kuchipatala. Zotupa zotchedwa meningioma ndi schwannoma zimamera pambali pa mtsempha, nthawi zambiri si khansa, ndipo zikachotsedwa zonse sizibwerabwera. Ependymoma ndi astrocytoma zimamera mkati mwa mtsempha. Zina zimachokera ku khansa ya m'bere, ya m'mapapo kapena ya prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo), ndipo zimenezi zimafuna chithandizo china pamwamba pa opaleshoni. Dzinalo ndi limene limauza dokotala wa ku Zomba Central kuti akuoneni kangati.

Ululu wa mitundu iwiri

Ululu wa bala ndi wa minofu ndi wodziwika. Umamveka pamene anang'ambapo, umakula mukatembenuka kapena kutsokomola, ndipo umachepa sabata ndi sabata. Panado amathandiza. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku limodzi, chifukwa ochuluka amawononga chiwindi. Brufen ndi diclofenac musamangogula pa golosale n'kumamwa miyezi. Amakanda m'mimba ndipo amatopetsa impso, makamaka ngati mukumwanso mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa dexamethasone.

Ululu wa mitsempha ndi wina. Odwala amaufotokoza mosiyanasiyana: kuotcha, kubaya ngati singano, kugwedeza ngati wagwira waya wa magetsi, nyerere kuyenda pakhungu, kapena kumangika pachifuwa ngati wina wakoka lamba. Malo amodzi omwewo atha kukhala ndi dzanzi koma n'kumapwetekanso. Ena sapirira ngakhale chitenje kapena bulangete kukhudza mwendo. Nthawi zina umayamba patapita masabata opaleshoni itachitika, ndipo umavuta kwambiri usiku. Ambiri amati kuzizira kumaukolezera, ndiye mwezi wa Juni ndi Julayi kuno kumunsi kwa phiri amauona kutalika.

Ululu umenewu Panado saugwira kwenikweni. Madokotala amapereka mankhwala ngati amitriptyline, gabapentin, pregabalin kapena carbamazepine. Pano tiimepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amataya mankhwalawa asanawathandize. Wina akaona amitriptyline amati, "Awa si a matenda a maganizo awa? Mukundiyesa wa ku Mental?" Wina amazindikira kuti carbamazepine ndi amene mwana wa mnzake amamwa chifukwa cha khunyu. N'zoona, mankhwalawa amagwiranso ntchito zimenezo, koma kwa inu aperekedwa kuti akhazike pansi mtsempha umene ukukuwa popanda chifukwa. Sagwira ntchito tsiku lomwelo. Amayamba pang'ono, dokotala n'kumawonjezera, ndipo pamatenga masabata angapo kuti mumve kusintha. Amitriptyline amamwedwa madzulo chifukwa amagonetsa, ndipo amaumitsa kukamwa ndi kudzimbitsa. Gabapentin ndi pregabalin amachititsa chizungulire. Musawasiye mwadzidzidzi. Zikakuvutani, bwererani akakusinthireni mlingo kapena mtundu.

Ngati muli pa ma ARV kapena pa njira yolera ya mapiritsi kapena ya pamkono, nenani musanalandire carbamazepine, chifukwa amafooketsa mphamvu ya mankhwala amenewo. Akakutulutsani zidzolo pakhungu kapena zilonda m'kamwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mowa suyenderana ndi aliwonse mwa mankhwalawa.

Tisanamizane: kwa anthu ena ululu wa mitsempha sutheratu. Cholinga cha mankhwala chimakhala kuuchepetsa mpaka munthu azigona tulo, aziyenda, azigwira tintchito take. Ululu ukapitirira miyezi 3, pemphani kuti akutumizeni kwa a chisamaliro cha odwala matenda okhalitsa, amene kuchipatala amawatcha a palliative care. Si a anthu oyandikira imfa okha ayi, iwowa ndi amene amadziwa bwino nkhani ya ululu.

Zizindikiro zosadikira tsiku lokaonana ndi adokotala

Zotsatirazi zikaoneka, musadikire tsiku limene anakulemberani. Pitani ku Zomba Central Hospital, kapena pachipatala chapafupi monga Matawale, Domasi kapena St Luke's ku Malosa kuti akutumizeni mwachangu.

Mwendo kapena dzanja layamba kufooka kuposa mmene linalili dzulo. Mkodzo wakanika kutuluka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zayamba kutuluka mosadziwa pamene kale sizinkatero. Dzanzi latsopano kumaliseche ndi kumatako. Pabala pakutuluka madzi oyera ngati a pampopi, mutu n'kumapweteka kwambiri mukaimirira koma kuleka mukagona: amenewo akhoza kukhala madzi ozungulira ubongo ndi mtsempha amene akudontha. Bala lafiira, latupa, likutuluka mafinya, kapena thupi latentha ndi khosi kuuma. Kutentha thupi kwa munthu wa bala la pamsana musangoti ndi malungo n'kumwa LA kunyumba. Katumba wa mwendo umodzi watupa ndi kupweteka, kapena mwayamba kubanika ndi kumva kupweteka pachifuwa: magazi akhoza kukhala ataundana mumtsempha wa magazi chifukwa chogona nthawi yayitali.

Kusiyana kwake n'kumeneku. Ululu wa mitsempha umakwera ndi kutsika, lero wavuta mawa wapepuka, koma mphamvu za miyendo sizibwerera m'mbuyo. Zinthu zikamaipiraipira sabata ndi sabata, pamafunika kujambulanso ndi makina a MRI.

Pakhomo

Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14, malinga ndi mmene adokotala anenera. Pabala pasapakidwe phulusa, mafuta kapena mankhwala a zitsamba. Mphini nazo ayi: khungu la dzanzi limachedwa kupola, ndipo tizilombo timalowera pomwepo.

Masabata 6 oyambirira, kapena kupitirira ngati anaikamo zitsulo, msana usanyamule zolemera, usawerame kwambiri, usapotokole. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Kusenza madzi kapena nkhuni, kusinja, kulima, kubereka mwana kumbuyo ndi kuchapa chowerama zidikire. Amayi ndi amene amavutika apa, chifukwa ntchito za pakhomo zimawayang'ana m'maso. Abambo, apongozi ndi ana akuluakulu, ino ndi nthawi yanu. Kabaza wa njinga yamoto pamsewu wa mabampu nayenso adikire. Pa ulendo wa ku Blantyre pemphani mpando wa kutsogolo, ndi pilo kumsana.

Podzuka pogona, yambani mwatembenukira chammbali thupi lonse pamodzi ngati chipika, tsitsani miyendo, kenako dzikankheni ndi manja. Kudzuka pamphasa n'kovuta kwa msana wosokedwa, choncho ngati n'kotheka wodwala agone pabedi. Kuchimbudzi chokumba, kunjuta kumavuta. Kalipentala aliyense akhoza kuboola mpando wamatabwa n'kuuika pamwamba pa dzenje, n'kukhomanso mtengo wogwirira pambali.

Kugona tsiku lonse si kuchira. Minofu imaphwa, mfundo zimauma, ululu umakula. Yendani pang'onopang'ono pabwalo, kangapo patsiku, n'kumawonjezera mtunda sabata iliyonse. Tsiku limene mwadzuka bwino musalipirire masiku onse amene munagona, chifukwa mawa lake mudzagwa nazo. Mafizo ndi mankhwala enieni. A fizo a pachipatala adzakuphunzitsani zochita kunyumba ndi kukuyezerani ndodo kapena njinga ya olumala. Amene akufuna kuphunziranso kuyenda ndi kudzisamalira atha kutumizidwa ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 6 mpaka 12 yoyambirira, ndipo kwa ena kumapitirira pang'onopang'ono kufika zaka 2.

Khungu la dzanzi silikuwa likamapsa. Nthawi yozizira anthu apsa mapazi pa mbaula osamva kanthu, ena ndi botolo la madzi otentha limene anaika kuti lichepetse ululu. Madzi osamba ayesedwe ndi gadiyani kapena ndi dzanja limene likumva bwino. Musayende opanda nsapato, ndipo madzulo aliwonse yang'anani kuphazi ngati kuli minga kapena matuza.

Wodwala amene satha kudzitembenuza atembenuzidwe maola 2 aliwonse, usiku womwe. Onani kumatako, m'chiuno ndi ku zidendene. Malo ofiira amene sakusintha mukawadina ndi chiyambi cha chilonda, ndipo asagonerenso mbali imeneyo mpaka pachire. Zofunda zikhale zouma, zopanda makwinya.

Za mkodzo ndi chimbudzi anthu amachita nazo manyazi, koma adokotala anazizolowera. Ena amatuluka ndi kapaipi ka mkodzo. Thumba lake likhale mmunsi mwa chiuno nthawi zonse, ndipo funsani tsiku losinthitsa. Musachepetse kumwa madzi poopa kukodza. Mkodzo wonunkha, wa mbuu, limodzi ndi kutentha thupi, ndi matenda ofunika mankhwala. Kudzimbidwa kumakulitsa ululu wa mitsempha, ndiye mgaiwa, masamba, nyemba, mapapaya ndi madzi ambiri zisasowe. Nkhani za m'banja nazo zimatha kusintha, kwa abambo ndi amayi omwe. Funsani, chithandizo chilipo.

Kwa inu agadiyani

Ululu wosaoneka ndi maso umatopetsa ndi osamalira omwe. Mawu akuti "mukudzikondweretsa" kapena "limbani mtima, bala linapola kale" amapweteka kuposa mwendowo. Munthu amene wasiya kudya, sakugona, sakufuna kuona anthu, kapena akunena zoti kuli bwino kufa, mutengereni kuchipatala msanga, ndipo musamusiye yekha ndi mankhwala ambiri. Amitriptyline ndi woopsa akamwedwa wochuluka, choncho asungidwe patali ndi ana. Inunso muzilandirana ndi abale ena kapena a kumpingo, chifukwa kutembenuza munthu usiku wonse si ntchito ya munthu mmodzi.

Popita kukaonana ndi adokotala, tengani kabuku ka kuchipatala, kalata yotulukira, zithunzi zonse za msana ndi mapaketi a mankhwala amene mukumwa, a zitsamba omwe. Kunyumba muzilemba mukope: ululu uli pati, ukumveka bwanji, umakula nthawi yanji, ndipo muupatse nambala kuyambira 0 mpaka 10. Pamzere wautali wa kuchipatala mphindi zokambirana ndi dokotala zimakhala zochepa, ndipo kope lotere limanena zambiri kuposa kungoti "thupi lonse likuwawa".