Chambo sichinathawire pansi pa nyanja

Pali mawu amene ndatopa kuwamva pa madooko, kuyambira ku Makawa ku Mangochi mpaka ku Senga Bay: "Chambo chilipo chambiri, changotsikira pansi pothawa phokoso la mainjini." Ena amati chawolokera ku Mozambique. Enanso amati nyanja yaikulu chonchi singathe nsomba, poti anaziikamo ndi Mulungu. Akanakhala asodzi okha onena zimenezi ndikanapirira, koma ndazimva kwa aphunzitsi, kwa abusa, ngakhale kwa akuluakulu amene ali ndi mphamvu yotseka kapena kutsegula nyanja. Ntchito yanga ndi yoyeza nsomba ndi kulemba zimene maukonde atulutsa, ndipo ndinene mosapsatira: chambo sichinabisale. Chikutha.

Zoti nyanja ya Malawi ndi yakuya, n'zoona. Chakumpoto imafika mamita pafupifupi 700. Koma mukatsika kupitirira mamita 250, madziwo alibe mpweya wa okosijeni. Madzi apansiwo sasakanikirana ndi apamwamba, angokhala phee zaka ndi zaka, ndipo nsomba iliyonse yoti yalowako ingafe. Chambo ndiye sichiyandikirako n'komwe. Chimakhala m'madzi osaya, makamaka mamita 50 apamwamba, ndipo n'chifukwa chake chinkachuluka kumwera, ku Mangochi ndi ku Salima, kumene nyanja ndi yosazama. Maukonde a kafukufuku akatsitsidwa kupitirira apo amabwera ndi ndunduma, chisawasawa ndi bombe. Khamu la chambo lobisala limene anthu amanenali silinapezekepo. Mukaona madzi ambirimbiri aja musaganize kuti onsewo ndi mudzi wa chambo. Mudzi wake ndi kachigawo kakang'ono ka m'mbali, komweko kumene tonse timaponya makoka.

Chimene anthu ambiri sachilabadira ndi kaberekedwe kake. Mvula ikamayandikira, chambo chachimuna chimasesa mchenga pansi n'kukonza kabwalo kake. Chachikazi chimaikira mazira pamenepo n'kuwatola ndi kamwa. Mazirawo si ambiri, ndi mazana ochepa chabe, ndipo amaswera m'kamwa momwemo. Kwa masabata angapo mayiyo amayenda ndi ana m'kamwa, osadya bwinobwino, mpaka kukawatula m'mabango ndi m'maudzu a m'mbali mwa nyanja. Ngakhale atawatula, kukabwera choopsa tianato timathamangira m'kamwa mwa mayi wawo. Kamwana kameneko kamafuna zaka pafupifupi zitatu kuti nako kayambe kubereka.

Tsono taganizirani khoka likukokedwa pa malo otere mu Novembala. Chingwe chapansi chimafafaniza mabwalo aja. Mayi wagwidwa. Akangoponyedwa pamchenga amalavula ana onse, tinthu tating'ono ngati njere za mpunga, tikuphiriphitha padzuwa mpaka kuuma. Amene anaimapo pa dooko nyengo imeneyi anaziona zimenezi ndi maso. Wogula amawerenga chambo chimodzi, wogulitsa amalandira ndalama ya chambo chimodzi, koma zafa ndi mazana. Ana amene apulumuka n'kufika m'mabango amakumana ndi masikito, omwe aja achipatala anagawa kuti titetezeke ku malungo, atasokedwa pamodzi kukhala khoka. Kasawala amene mumamuona pa mulu pamsika, ena n'kumati ndi mtundu wina wa nsomba, ndi ana a chambo. Lamulo limaletsa kupha chambo chosakwana masentimita 15, koma pitani pa msika uliwonse mukaone.

Usipa ndi wosiyana. Umakula msanga, moyo wake ndi wa chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono, ndipo ukaphedwa kwambiri chaka chino umatha kubwereranso. Lero gawo lalikulu la nsomba zotuluka m'nyanja yathu ndi usipa. Wina akakuwerengerani matani n'kunena kuti "onani, nsomba zikuchuluka," mufunseni kuti nsomba zake ziti. Matani a usipa ndi bonya akuphimba dzenje limene chambo chasiya.

Msodzi wina amanditsutsa kuti, "Achimwene, nanga ine bwanji dzulo ndinapha?" Funso limeneli ndi labwino ndipo yankho lake ndi loopsa. Nsomba zoyenda m'magulu zikachepa sizimwazikana, zimasonkhana malo ochepa otsalawo. Msodzi wodziwa malowo, wokhala ndi injini ndi nyali zowala, amaphabe mpaka gulu lomaliza. Ukonde wake umadzaza pamene nyanja ikuuma. Zinachitikapo ku Canada, ku Newfoundland, ndi nsomba yotchedwa cod imene anthu anaipha kwa zaka pafupifupi 500. Zombo zikuluzikulu zinkabwerabe ndi nsomba, eni ake n'kumati akatswiri akunama. Mu 1992 boma linatseka usodzi wonsewo ndipo anthu pafupifupi 30,000 anataya ntchito. Ankati atseka kwa zaka ziwiri. Anadzatsegula mu 2024, ndipo n'kuloleza zochepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Imeneyo ndi nyanja yamchere ya Atlantic, yoti yathuyi ndi kadziwe pamaso pake.

Koma sitifunika kupita kutali. Nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya Malombe.

Malombe ndi nyanja yaing'ono, yosaya, imene mtsinje wa Shire umadutsamo ukangochoka ku Mangochi. Inali nkhokwe ya chambo. Mu 1982 inatulutsa matani a chambo opitirira 8,000. Patangotha zaka khumi, anali matani mazana ochepa chabe. Chinachitika n'chiyani? Chambo chitayamba kuchepa, asodzi sanachepetse maukonde. Anachepetsa maso a ukonde n'kutembenukira kwa kambuzi, ndipo nkacha zinachuluka. Amene sanaione nkacha: ukondewo amauzunguliza, munthu n'kumira pansi kukamanga chingwe chapansi kuti pasatuluke kanthu, kenaka n'kuukoka. Tsiku ndi tsiku, nkacha mazanamazana zinapala pansi pa nyanjayo. Udzu wa m'madzi umene unkabisa ana a chambo unazuka, matope anavunduka, mabwalo oikira mazira anatha. Kambuzi anakhala ngati wapulumutsa anthu kwa zaka zingapo, kenaka nayenso anayamba kuchepa ndi kufupika.

Mu 1993 kunayamba ndondomeko yoti asodzi ndi boma aziyang'anira limodzi usodzi wa Malombe, ndipo makomiti a m'madooko, ma BVC aja, anayambira kumeneko. Mu 1997 kunabwera lamulo latsopano la za usodzi lovomereza zimenezi. Anthu anagwira ntchito, misonkhano inachitika, maso a ukonde anakambidwa. Koma papita zaka zoposa 30 ndipo chambo cha Malombe sichinabwerere mwakale. Chimandipweteka n'chakuti chenjezo linalipo chambo chisanathe. Amene ankayeza nsomba ankaona manambala akutsika, ankanena, koma yankho linali lomweli ndikulimva lero pa nyanja yaikulu: chilipo, changosuntha. Pa nthawi imene aliyense anavomereza, kholo loti libereke linali litatha, ndi malo oberekera omwe. Madzi akatayika saoleka. Masiku ano mnyamata wa ku Malombe amakwera thiraki ndi ukonde wake kupita ku nyanja yaikulu, ndipo amatenga nkacha yomwe ija.

Ntchila nayo inapita chimodzimodzi. M'zaka za m'ma 1950 inali m'gulu la nsomba zophedwa kwambiri m'dziko muno. Ankaitchinga pa mathiriro a mitsinje ikamakwera kukaswana, mitsinjeyo nayo n'kudzaza mchenga chifukwa cha kudula mitengo kumtunda. Funsani mwana wa sekondale lero ngati anailawapo. Mpasa wa mu Bua ukulowera komweko. Mu 2018 bungwe la padziko lonse loona za kasamalidwe ka chilengedwe la IUCN litaunika nsomba za m'nyanja ya Malawi linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Umodzi mwa mitunduyo, umene akatswiri amautcha lidole, wakhala zaka zambiri osaoneka m'ukonde wa munthu aliyense. Mitundu imeneyi kulibe kwina kulikonse pa dziko lapansi. Ikatha kuno palibe kokaitenga.

N'chifukwa chake mawu akuti "tidzayamba chaka chamawa" amandikwiyitsa kuposa ena onse. Nyanja imatsekedwa kwa makoka kuyambira Novembala, nthawi imene chambo chili ndi ana m'kamwa. Chaka chilichonse pamapezeka chifukwa chophwanyira: kuli njala, kukubwera chisankho, mwini ukonde ndi m'bale wa amfumu. Ukonde wolandidwa Lolemba umapezeka uli m'madzi Lachisanu. Za njalazo sindikuzipeputsa. Ndikudziwa kuti miyezi yotsekayi ndi yomwenso ufa umatha m'nyumba, feteleza akufunika, fizi ikudikira, ndipo mlovi amene alibe ukonde wakewake sadya ngati bwato silinapite. Koma chaka chimodzi chophera amayi ndi ana chimadzaoneka patatha zaka zitatu, pamene mbadwo umene unayenera kubereka kulibe, ndipo pofika apo palibe amene amakumbukira chinayambitsa. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'ma 1950, ndipo akatseka pachilumbapo sipatsala munthu. Wolakwa amathamangitsidwa, kaya ndi ndani. Asodzi amachoka kutali kukadikira tsiku lotsegulira, chifukwa akudziwa kuti kumeneko nsomba zilipo.

Nsomba zikachepa, odyerapo amachuluka. Alipo asing'anga ogulitsa mankhwala osambitsira ukonde, ati oitana nsomba, ndipo msodzi amene wabwera chimanjamanja amauzidwa kuti mnzake wamutsekera mwayi. Ndaona anthu apachibale atasiya kulankhulana, wina atagulitsa mbuzi kulipira mankhwala, pamene vuto ndi lakuti m'madzimo mulibe choti chilowe mu ukonde. Alipo othira katupe ndi mankhwala a m'munda m'madambo ndi m'mitsinje, kupha chilichonse mpaka achule, nsombazo n'kukagulitsa kwa anthu osadziwa. Alipo amalonda a maukonde a pulasitiki osaoneka m'madzi aja, otchipa, oletsedwa, amene akang'ambika amangotayidwa m'nyanja n'kumapitiriza kukola nsomba zoolera momwemo popanda wozidya.

Amene ndikuwaopa kwambiri ndi ogulitsa mbewu ya nsomba. Munthu wakumba damu lake, wamva kuti makumba ndi chilunguni zimachedwa kukula, ndiye pabwera wina ndi chigubu n'kunena kuti ali ndi "chambo chamakono" chochokera kunja, chokula miyezi yochepa. Nthawi zambiri imeneyo ndi Nile tilapia, ndipo kuiweta m'dera limene madzi ake amathera m'nyanja ya Malawi n'koletsedwa. Damu limasefukira, madzi amapita ku mtsinje, mtsinje ku nyanja. Nsomba imeneyi ikalowa imalanda malo oberekera, imakwerana ndi nsomba zathu za mtundu wa chambo, ndipo ana obadwawo sakhalanso chambo. Ku nyanja ya Victoria, kum'mawa kwa Africa, anaikamo Nile perch, chinsomba chodya nsomba zinzake, ndi Nile tilapia m'ma 1950. Kwa zaka zoposa makumi awiri zinkaoneka ngati palibe chalakwika. M'ma 1980 Nile perch inachuluka mwadzidzidzi ndipo mitundu pafupifupi 200 ya nsomba zing'onozing'ono za m'nyanjamo inasowa, pamene ngege, imene inali chambo chawo, inatsala pang'ono kutheratu. Nile tilapia yapezeka kale m'madzi ena a mbali ya Tanzania amene ali m'chigwa cha nyanja yathu. Khoka loipa mungathe kulilanda n'kuliwotcha, koma nsomba yachilendo ikaswana m'nyanja yotalika makilomita oposa 500 palibe boma limene lingaichotsemo. Musanathire kanthu m'damu lanu, pitani ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu akakuuzeni kogula mbewu yovomerezeka, ndipo wogulitsa amene akukana kunena kumene mbewu yake yachokera mukamunene komweko tsiku lomwelo.