Khadi la chipani ndi Mboni za Yehova ku Dzaleka

Chiyambireni mu Meyi 2023 pamene apolisi anayamba kusonkhanitsa othawa kwawo m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka, dzina la malowa silichoka pawailesi. Mkangano ndi wa kuthithikana: msasa umene anaukonzera anthu pafupifupi 12,000 ukusunga oposa 50,000. Koma achinyamata ambiri amene akutsutsana za nkhaniyi sadziwa kuti chaka cha 1994 chisanafike, malo a ku Dowa amenewa anali ndende, ndipo ambiri mwa amene anatsekeredwamo anali Amalawi a mpingo wa Mboni za Yehova.

Chiphunzitso cha Watch Tower, gulu limene pambuyo pake linadzatchedwa Mboni za Yehova, chinafika kuno kalekale. Elliot Kamwana anabatiza anthu masauzande kwa Atonga mu 1908 ndi 1909 atsamunda asanamuthamangitse. Zaka zotsatira tizidumphe, chifukwa moto weniweni unabuka ndi khadi.

Malawi Congress Party inkafuna kuti aliyense agule khadi. Kwa Mkatolika, Msilamu kapena wa CCAP, khadi linali ngati msonkho wina: umagula kuti ulowe mumsika, ukwere basi, uonane ndi dokotala, zamumtima n'zako. A Mboni ankaliona mwina. Msonkho wa boma ankapereka, ponena kuti za Kaisara n'za Kaisara, koma kugula khadi kunali kulowa chipani, ndipo iwo salowa ndale za dziko lililonse. Akuluakulu a chipani anamva ngati mwano. Tiwamvetseko pang'ono: dziko linali litangolandira ufulu, nduna zinali zitagalukira Dr Banda mu 1964, ndipo aliyense woima payekha ankaoneka ngati chigawenga. Mu Okutobala 1967 mpingowo unaletsedwa, amishonale ake n'kupitikitsidwa.

Ambiri amatchula 1967 ngati chaka choopsa, koma kwa ine pamene zinthu zinatembenukira ndi pa msonkhano waukulu wa chipani ku Zomba mu Seputembala 1972. Chiletso cha 1967 chinali lamulo, ndipo lamulo limakhala ndi wapolisi ndi khoti. Mfundo za ku Zomba zinapereka nkhaniyi m'manja mwa aliyense. Anagwirizana kuti a Mboni achotsedwe ntchito m'boma ndi m'makampani, mabizinesi awo afooketsedwe, ndipo a kumudzi athamangitsidwe. Anyamata a Youth League ndi a Payoniya sanadikire kuuzidwa kawiri. Nyumba ndi nkhokwe zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, amayi anagwiriridwa, ena anaphedwa. Chopweteka n'chakuti wogogoda pakhomo usiku nthawi zambiri sanali mlendo. Anali mwana wa m'mudzi momwemo, wodziwa bwino khomo limene mulibe khadi.

M'masabata ochepa anthu pafupifupi 20,000 anawolokera ku Zambia, kumsasa wa Sinda Misale. Madzi kumeneko anali oipa ndipo ana ambiri anamwalira. Mu Disembala chaka chomwecho anawakweza m'malole kuwabweza kuno atawalonjeza mtendere, koma kumudzi anapeza funso lomwe lija la khadi. Anathawiranso ku Mozambique, ku Mlangeni, kumene Apwitikizi anawalola kulima. Frelimo itatenga boma mu 1975 inawabwezanso, pakuti nayonso sinkafuna anthu okana kufuula mawu a chipani. Apa m'pamene Dzaleka analowa m'nkhaniyi. Kumapeto kwa 1975 a Mboni ankagwidwa m'magulumagulu, amuna, akazi ndi makanda kumsana, n'kukagwira ntchito yakalavulagaga m'mphepo ya ku Dowa.

Ziwerengero za nthawiyi n'zofunika kuzigwira mosamala. Zambiri zimachokera m'mabuku a Mboni eni ake, ndipo munthu angati mwini bala ndiye amalikuza. Boma la nthawiyo linkakana kuti kuli chizunzo, ndipo nyuzipepala za m'dziko muno sizikanayerekeza kulemba zina. Komabe a Amnesty International ndi atolankhani akunja amene anaona misasa ya ku Zambia anafotokoza zofanana, choncho mkangano ungakhale pa kuchuluka kwa akufa, osati pa zimene zinachitika. Palinso chizolowezi chokankhira zonse kwa Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani amene ananyongedwa mu 1977. N'zoona kuti iye atagwa akaidi ambiri anamasulidwa. Koma chiletso chinakhalapobe zaka zina 16 iye kulibe.

Nanga mipingo ina inali kuti? Alipo Akhristu ndi Asilamu amene anabisa anansi awo kapena kuwasungira mbuzi, ndipo mabanja a Mboni amawakumbukira. Koma paguwa panali zii. Abusa ena mwina sanadandaule kuona anthu amene ankagogoda m'makomo a nkhosa zawo akuchoka. Mawu omveka anadza pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inadzudzula poyera zoletsa anthu opanda khadi kulowa m'misika, m'zipatala ndi m'madepoti a basi, zaka pafupifupi 20 chichitikireni msonkhano wa ku Zomba. Riferendamu ya ndale za zipani zambiri inachitika pa 14 Juni 1993, ndipo pa 12 Ogasiti chaka chomwecho boma linachotsa chiletso cha Mboni za Yehova.