Ebenezer Brigham ndi nyumba ya alendo ya ku Blue Mounds

Ebenezer Brigham anafika ku Blue Mounds, m'dziko la United States, m'chaka cha 1828 pofuna mtovu. Anali wochokera ku Shrewsbury, ku Massachusetts, komwe anabadwira mu 1789, ndipo mbiri imamutchula kuti mzungu woyamba kukhazikika m'dera lomwe lero ndi Dane County, ku Wisconsin. Mawu akuti woyamba amandivuta, chifukwa dzikolo linali ndi eni ake, a Ho-Chunk, omwe anakakamizidwa kupereka dera la mtovulo pa pangano la ku Prairie du Chien mu 1829.

Okumba mtovu nthawi imeneyo ankagona m'maenje omwe ankakumba m'mbali mwa zitunda ngati chiuli. Brigham anamanga nyumba, ndipo nyumbayo ndiyo inamukweza kuposa mgodi. Msewu wa asilikali wochokera ku Fort Crawford kupita ku Fort Winnebago unadutsa pomwepo. Munthu woyenda tsiku lonse pa kavalo, atanyowa, matope mpaka m'mawondo, akaona utsi wa kwa Brigham ankadziwa kuti apeza moto, chakudya ndi pogona. Asilikali, amalonda, onyamula makalata, onse ankaima pamenepo, ndipo mwini nyumba ankamva za mitengo ya mtovu, mikangano ya malo ndi madandaulo a anthu nkhanizo zisanafike kwa akuluakulu a boma.

Pa nkhondo ya Black Hawk mu 1832, ya pakati pa asilikali a boma ndi gulu la eni dziko lotsogozedwa ndi Black Hawk, azungu a m'deralo anamanga linga pafupi ndi kwa Brigham n'kuthawiramo. Amuna atatu anaphedwa kunja kwa lingalo mu Juni.

Wisconsin itakhala ndi boma lakelake mu 1836, anthu sanavutike kusankha wowayankhulira: anatuma munthu amene anawatsegulira chitseko usiku. Brigham analowa m'khonsolo yopanga malamulo yomwe inakumana koyamba ku Belmont, pamsonkhano womwe unasankha Madison kukhala likulu, malowo ali tchire. Mu 1848, Wisconsin italowa m'gulu la zigawo za United States, anakhalanso phungu m'nyumba ya malamulo yoyamba. Anamwalira mu 1861 n'kuikidwa ku Madison.

Munda wake unakhalabe m'manja mwa abale ake. Pa 4 Ogasiti 1939, anthu ophwanya miyala m'mundamo ataphulitsa thanthwe, kunatseguka phanga lalikulu lomwe Brigham anakhala pamwamba pake zaka zonsezo osalidziwa. Lero limatchedwa Cave of the Mounds.